Ndani Anatsuka Manja a Amuna Anga?

Lachiwiri lapitali kwathu kunabwera mlendo. Mwina museka kuti mlendo mmodzi angakhale nkhani ya sabata yonse, koma ngati mukuseka ndiye kuti simunaone mmene pakhomo pamazizirira maliro akatha. Mwezi woyamba anthu amabwera mpaka mphasa kuchepa. Mwezi wachiwiri amatsala ndi amayi a mvano okha, nawonso Lachinayi basi. Chaka chikakwana, monga chakwanira ine chimwalirireni amuna anga, bambo a Tadala, wokuodira amakhala wofuna nkhuku yogula.

Ndiye nditamva "odi" ndili m'chigafa kusoka fodya, ndinatuluka chothamanga, manja ali bii ndi utomoni.

Anali mayi wamsinkhu wa mwana wanga woyamba, chikwama paphewa, miyendo ili matope okhaokha chifukwa wakabaza anamutsitsira kumsewu. Anati ndi mayi Nyirenda, kwawo ndi cha ku Nkhamenya, ndipo ndi namwino wa m'chipinda cha odwala mwakayakaya pachipatala china, osati chimene anagonako amuna anga. Pakali pano wabwerera kusukulu, akuchita kafukufuku wa mmene anamwino a m'zipinda zoterezi amagwirira ntchito, ndiye akuyendera anthu amene anadikirirapo wodwala kumeneko. Anali atandiimbira foni sabata inayo, ine n'kuvomera, kenako n'kuiwala.

"Pepani amama, ndakupezani muli pantchito," anatero.

"Nyengo ino mukadikira kuti mundipeze ndilibe ntchito, mudzandipeza kumanda. Khalani pampandopo."

Kwa inu amene mwayamba kuwerenga tsamba lino posachedwa, ndifotokoze pang'ono. Chaka chatha, nthawi ngati yomwe ino yothyola fodya, bambo a Tadala anagwa m'chigafa chomwechi, mbali imodzi ya thupi itauma. Anali sitiroko. Kuchipatala cha paboma anatitumiza kuchipatala chachikulu mumzinda, ndipo kumeneko anawalowetsa m'chipinda chija cha makina othandiza kupuma. Anakhalamo masiku asanu ndi limodzi, osatsegula maso, osayankhula.

Ntchito yodikirira wodwala ine ndimaidziwa. Ndinadikirirapo mayi anga, ndinadikirirapo mng'ono wanga. M'wodi wamba gadiyani ndiye zonse. Umasambitsa wodwala, umamutembenuza kuti asachite zilonda, umamumwetsa phala, umachapa zimene waipitsira, ukatopa umayala nsalu pansi pa bedi. Choncho ndinanyamula beseni, sopo, kansalu kopukutira ndi supuni, ndikudziwa kuti ndikukagwira ntchito yanga ya mkazi wa munthu.

Pakhomo pa chipinda chija namwino anandiuza mwaulemu kuti zonsezo ndisiye panja. "Muno timachita tokha zonse, amayi. Inu muzibwera nthawi yoona odwala, mmodzimmodzi, kwa mphindi zochepa."

Ndinavula nsapato, ndinasamba m'manja, anandiveka chovala chawo chija, n'kulowa. Ine amene ndinaphunzitsa ana a anthu zaka zambirimbiri, amene ngakhale woyendera sukulu ndinkamuyankha maso ali gwa, m'chipinda muja ndinasanduka mwana wa Sitandade 1 tsiku lake loyamba. Makina akulira, timapaipi m'kamwa, m'mphuno, m'mikono. Ndinaima kumiyendo kwa bedi, manja kumbuyo, kuopa kuti ndingagunde kanthu n'kupha amuna anga ndekha. Nthawi itakwana ndinati "zikomo" kwa namwino, n'kutuluka. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi, mpaka lachisanu ndi chimodzi.

Anamwalira cha m'ma teni m'mawa, ine ndili kuseri kwa nyumba ya magadiyani ndikuyanika zovala, kudikira kuti ikwane nthawi ya masana ndikalowe.

Tibwerere pakhonde Lachiwiri lija. Namwinoyo anandiwerengera chikalata chake, kuti dzina langa silidzatchulidwa ndipo ndili ndi ufulu wokana funso lililonse. Ndinasaina, pepalalo n'kutsala ndi chidindo cha chala changa chakuda pakona. Anaika foni patebulo kuti izijambula mawu, n'kuyamba.

"Anamwino ankakufotokozerani mmene wodwala wanu alili?"

"Ankafotokoza ndithu."

"Munkamasuka kufunsa mafunso?"

"Kwambiri."

"Mukalowa munkachita chiyani?"

"Ndinkawaona, n'kupemphera chamumtima."

"Chilipo chimene mukanakonda chikanachitika mosiyana?"

"Ayi, zonse zinali bwino. Anamwino aja Mulungu awadalitse."

Anandiyang'ana kanthawi, cholembera chili m'mwamba, ngati akudikira kuti ndipitirize. Ine ndinangomwetulira n'kumukankhira mbale ya mtedza. Anazimitsa foni yake.

Musandiyang'ane choncho. Inu mukanayankha mosiyana? Ife a kuno ku Kasungu kuyankha kafukufuku ndi luso lathu, tinakhwima nalo. Abwera ofunsa za mbewu, abwera ofunsa za mitengo imene timadula pomanga zigafa, abwera ofunsa ngati ana athu amapita kusukulu nthawi yothyola fodya. Asanamalize funso ife tadziwa kale yankho limene likondweretse mlendo, ndipo timalipereka ndi manja awiri. Mlendo wayenda ulendo wautali, wavala bwino, waphunzira. Umudandaulire kuti chitani? Nanga akakanena kumene wachokerako, mawa iwe n'kudwala, ukagonekedwa m'manja mwa yani? Ndiye timati zonse zili bwino, iye n'kukalemba m'buku lake lalikulu kuti anthu a ku Lisasadzi akuti zonse zili bwino. Pakapita zaka timadabwa kuti bwanji palibe chikusintha.

Koma bodza langa la Lachiwiri silinali loyamba pankhani imeneyi, ndipo loyambalo ndi limene landidya chaka chonse.

Tsiku limene tinafika ndi thupi kumudzi, m'nyumba ya siwa mutadzaza amayi, alamu anga aNaphiri, mlongo wawo wa malemu, anandikokera pafupi. Awiriwo anakula mokondana kwambiri, anatsala okha m'mimba mwa mayi awo.

"Mlamu, munali pompo?" anandifunsa akulira. "Ndani anawatseka maso achimwene anga?"

Mukudziwa kulemera kwa funso limeneli kwathu kuno. Munthu sapita yekha. Pamakhala wina womugwira, womutseka maso, womuwongola manja ndi miyendo, woti adzanene kwa otsala mmene anapitira. Mkazi amene mwamuna wake wamwalira iye ali kuyanika zovala, anthu amuona bwanji? Amayi onse m'nyumba muja ankadikira yankho.

"Ndinali pompo, alamu," ndinatero. "Ndine ndinawatseka. Anapita dzanja lawo lili m'manja mwanga."

ANaphiri anandikumbatira. Kuyambira tsiku limenelo akhala akundithokoza. Kutchalitchi amauza anthu kuti mlamu wawo ndi mkazi weniweni. Atakolola ananditumizira nzama. Ine ndinayamba kuwazemba. Nyumba yawo ili kutsidya kwa dambo, ukaima pachulu umaiona, koma miyezi yatha ndisanapondeko. Akabwera iwo ndimafulumira kunena kuti ndili ndi ntchito kumunda. Munthu yekhayo amene akanakhala nane pansi n'kumakumbukira bambo a Tadala mpaka dzuwa kupendeka, ndi amene sinditha kumuyang'ana m'maso. Ndimadandaula kuti pakhomo panga panazizira, koma mbali ina ndinapaziziritsa ndekha, ndipo ndasungulumwa koopsa.

Namwino uja atalongedza mapepala ake, ndinatenga nsalu yanga kuti ndimuperekeze. Achinyamata a masiku ano amene mumatsanzikana ndi mlendo mutakhala pampando, simudziwa chimene mumataya. Pakhomo timacheza zoti mlendo amve. Zenizeni zimatuluka panjira, poperekeza, pamene simukuyang'anana kumaso, aliyense maso ali pamapazi ake.

Tikudutsa pachigafa, iye anaima n'kugwira tsamba limodzi la fodya, n'kulinunkhiza. Zala zake zinamata.

"Fungo ili landikumbutsa adada anga," anatero. "Nawonso anali mlimi wa fodya. Manja awo sindinawaonepo oyera nyengo ngati ino."

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Pakamwa panangotseguka pokha.

"Manja a bambo a Tadala ndinawaona oyera," ndinatero. "M'chipinda chija cha kuchipatala."

Ndinamufotokozera. Tsiku limene anagwa, manja awo anali ngati angawa, utomoni mpaka m'zikhadabo, m'ming'alu ya zala muli bii. Tinathamanga nawo choncho, panalibe woganiza zowasambitsa. Tsiku loyamba m'chipinda muja anali akadali akuda, ali pansalu yoyera ya chipatala, ine mpaka manyazi. Koma nditalowa tsiku lachitatu, ndinapeza manja aja ayera kuti mbee. Zikhadabo zawengedwa. Chipsera cha chikwanje chimene anadzitema tili achinyamata, chimene ndinali nditachiiwala, chinkaoneka bwinobwino pachala chachikulu. Dzanja lamanja linali pamwamba pa nsalu, chikhatho chili m'mwamba, palibe kapaipi kalikonse. Linali pafupi kwambiri moti ndikanangotambasula mkono.

"Ndiye munaligwira?" anafunsa.

"Ayi."

"Chifukwa chiyani, amama?"

"Palibe anandiuza kuti n'zololedwa."

Anaima pakati pa njira. Ndinaona nkhope yake ikusintha.

"Amama, n'zololedwa. Mukasamba m'manja, n'zololedwa ndithu, pokhapokha patakhala chifukwa chapadera, ndipo tikanakuuzani. Timafuna muziwagwira, muziwayankhula, muziwatchula dzina."

"Nanga bwanji simunena?"

Anayankha motsitsa mawu, ndipo ndikulemba monga ananenera.

"Ine ndagwira ntchito m'chipinda chotere zaka zambiri. Ndimakuonani amayi a kumudzi mukalowa, mumaima kumiyendo, manja kumbuyo. Ndimati mwina mukuopa, mwina mwambo wanu sulola kugwira mwamuna pamaso pa anthu, ndiye ndisakukakamizeni. Ndimadikira kuti mukafuna mufunsa. Ndimayesa ndikukulemekezani."

"Ifenso timayesa tikukulemekezani inu," ndinatero.

Tinaima pamenepo amayi awiri akuluakulu, pakati pa minda ya fodya, tikuyang'anana kakasi.

Mwaona zimene ulemu wathu umachita? Ine ndinauzidwa pakhomo kuti "muno timachita tokha zonse", ndipo ndinamva kuti ngakhale kukhudza ndi ntchito ya eni chipinda. Kufunsa ndinaona ngati chipongwe, ngati ndikuphunzitsa ntchito anthu amene anapita kusukulu ya zimenezi. Namwino naye, kuona nkhope yanga youma ndi "zikomo" wanga wa tsiku ndi tsiku, anaona mayi wokhutira amene safuna kuvutitsidwa. Aliyense anadikira mnzake. Pakati pathu panagona munthu amene ndinakhala naye pabanja kuyambira ndili mtsikana, dzanja lili chotambasula, masiku anayi athunthu.

Sindikuloza chala anamwino. Ndinawaona ndi maso anga akuthamanga kuchoka pabedi ili kupita palina, makina awa akalira enanso ayamba, nthawi yoti akhale pansi osaiona. Zoti wina mwa iwo aime n'kuganiza zimene zili mumtima mwa mayi wovala chitenje amene waima phee pakona, mwina n'kupempha zambiri. Koma mawu ake ndi angati? "Amayi, bwerani kuno, agwireni dzanja." Sapitirira mpweya umodzi. Safuna makina ochokera kunja, safuna galimoto, safuna msonkhano wa kuhotela. Amangofuna kuti wina adziwe kuti ife sitidzafunsa. Tinaleredwa kuti pamalo pa eni ake usagwiregwire zinthu, ndipo chipinda chija ndi malo a eni ake kuposa malo ena onse amene ndinalowamo.

Ndipo adziwa bwanji ngati ife, akabwera kudzatifunsa mpaka pakhonde pathu, timawapatsa mtedza ndi "zonse zinali bwino"? Mayi ameneyu anakwera basi, anakwera kabaza, anaponda matope, kufunafuna chinthu chimodzi chomwechi. Ine ndinali nacho m'kamwa, ndipo ndinatsala pang'ono kumubweza chimanjamanja. Akanakalemba kuti achibale amakhutira. Ophunzira unamwino akanadzawerenga zimenezo. Mayi wina wa ku Lisasadzi konkuno akanadzaima pamene ndinaima ine, manja kumbuyo, chifukwa cha ulemu wanga.

Titayandikira kumsewu ndinamufunsa funso limene ndakhala nalo chaka chonse, lomwe ndinalibe woti ndimufunse.

"Mwana wanga, ndiuzeni zoona. Anapita okha?"

"Sindinalipo, amama, sindingakunamizeni," anayankha. "M'chipinda chotere namwino sakhala patali, makina akasintha kulira timathamangirapo. Koma zoti panali ndani nthawi imeneyo, sindikudziwa."

Anayang'ana zala zake zomata zija, n'kuzitikita.

"Chimene ndikudziwa ndi ichi. Utomoni wa fodya suchoka ndi sopo yekha, inu mukudziwa kuposa ine. Pamafunika madzi ofunda, timafuta pang'ono, ndi kupukuta chala chimodzichimodzi, kenako m'zikhadabo. Dzanja limodzi limatenga nthawi. Posambitsa wodwala palibe akanamudzudzula namwinoyo akanangopukuta pamwamba n'kusiya. Ameneyo anachita kufuna. Ndipo timaphunzitsidwa kuti pogwira wodwala tizimuyankhula, tizimuuza chimene tikuchita, ngakhale sakuyankha, chifukwa mwina akumva. Sindingalumbire kuti anamva. Koma dzanja la munthu sungalitsuke osaligwira, amama."

Ndinakhala pansi pamzere wa fodya wa eni ake n'kulira, kulira kumene sindinalire ngakhale pamaliro. Sindinganene kuti kunali kulira kwa chisangalalo. Ndinathokoza, inde, kuti alipo anawagwira. Koma ndinachitanso nsanje, ndisabise. Mwana wa eni ake, amene sankadziwa kuti munthuyu ankakonda tiyi wozizira, kuti ankaimba nyimbo za kwaya molakwitsa mawu akamasankha fodya, ndiye anakhala ndi dzanja lija nthawi yonseyo. Ine mwini wake ndinangoliyang'ana.

Nditapukuta misozi ndinamuuza kuti atulutse foni ija.

"Pano, amama? Pamsewu?"

"Pompano. Zija ndinanena pakhonde zija mufufute. Yambaninso mafunso anu."

Tinayambiranso, iye atakhala pachikwama chake, ine pansi. Wakabaza anafika, anadikira, anatopa, anapita, n'kubweranso. Ndinanena zonse: za beseni limene ndinasiya panja, za mawu a Chingerezi amene ndinkagwedezera mutu ndisanawamvetse bwino ngakhale ndine mphunzitsi, za kuyanika zovala. Pomaliza anandifunsanso ngati chilipo chimene ndikanakonda chikanachitika mosiyana. Ndinati alembe kuti asamadikire kuti tifunse. Atigwire mkono okha, atifikitse pabedi, aike dzanja lathu pa dzanja la wodwala wathu.

"Yewo, amama," anatero pokwera njinga. "Ndikayambira ine ndemwe, Lolemba ndikabwerera kuntchito."

Kaya kafukufuku wakeyo adzafika pati, sindikudziwa. Mwina adzathera pashelefu kumene amathera ena. Koma namwino mmodzi wamva, ndipo Lolemba lili pafupi.

Ndinabwerera ndekha. Pachulu paja ndinaima n'kuyang'ana kutsidya kwa dambo. Utsi unkatuluka kukhitchini kwa aNaphiri. Ndinati ndiwoloke, koma ndinalunjika kwathu. Kuuza mlendo zoona n'kosavuta, mawa sudzamuonanso. Choncho ndachita zimene ndimatha, ndalemba. Ndikudziwa kuti tsamba lino amawawerengera mwana wawo Loweruka lililonse, ndipo amanyadira kuti mlamu wawo amatuluka m'nyuzipepala.

Alamu anga, munandifunsa funso m'nyumba ya siwa, ine ndinakunamizani. Sindinali pompo. Ndinali kuyanika zovala. Sindine ndinawatseka maso achimwene anu, ndipo masiku onse asanu ndi limodzi aja sindinawakhudze ngakhale chala. Amene anawagwira dzanja komaliza ndi namwino amene dzina lake sindilidziwa, ndipo anawatsuka bwino, mpaka chipsera cha chikwanje chija chinaoneka. Nzama zija simunayenere kunditumizira ine.

Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ndiwoloka dambo. Mukafuna kundikalipira, mundikalipire, ndikhala pansi ndimve. Koma chonde musandibweze pakhomo, chifukwa amene tinawadziwa manja aja ali akuda tatsala awiri basi.